Tsiku Limene Atate Anatulukira pa Zenera

Ndikukumbukira nyumba yakale yogona alendo ku Katete, yomangidwa nthawi ya atsamunda. Makoma ake anali ochindikala ngati a tchalitchi, mkati munkanunkha polishi ndi mileme, ndipo khomo lotulukira panja linali limodzi lokha. Amene anaimanga sankadziwa za apongozi.

Chaka china tinagona mmenemo pochokera ku Vubwi kupita ku mwambo wa Kulamba: atate, amayi, ine, ndi agogo obereka amayi. Atate ndi agogo ankapewana monga mwa mwambo. Akaonana patali panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo ngakhale pa lole wina anakhala kutsogolo, wina kumbuyo.

M'mawa agogo anayala chitenje pakhomo penipeni kuti aothere dzuwa. Nthawi yomweyo thobwa ladzulo linayamba kuwavuta atate m'mimba, chimbudzi chili panja, kuseri kwa nyumba. Atate, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, ankangozungulirazungulira m'chipinda, thukuta lili kamukamu.

"Anabanda, apongozi akadali pakhomo?" atate anawafunsa amayi.

Amayi anatuluka kukawanong'oneza agogo, koma atate sanathe kudikira. Anakankhira m'mwamba zenera lalikulu lathabwa, n'kutulutsa mwendo. Sanadziwe kuti agogo, pofuna kuwapatsa njira akamwini awo, anali atasamukira kuseri, pansi pa zenera lomwelo. Atate anatera pachitenje penipeni. Agogo anakokera mpango kumaso, atate anagwada atayang'ana khoma n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, mimba ikulira moti aliyense anamva.

"Pitani, atate, pitani msanga," anatero agogo mkati mwa mpango, mapewa akugwedezeka. Ine ndinali pazenera, ndipo ndinaseka mpaka amayi ananditsina khutu.

Lero nyumbayo ndi hotela. Eni ake anachita bwino kusunga makoma ndi mazenera, alendo amajambulitsa pakhonde, ndipo mtsikana wolandira alendo amafotokoza za njerwa zakale. Chipinda chilichonse chili ndi chimbudzi chake. Ineyo mkamwini wanga amandinyamula pa galimoto, ndimakhala pambali pake tikudya chimanga chimodzi.

Nditapitako posachedwapa, atate ndi agogo atatisiya kale, ndinapempha kuti anditsegulire zenera lija. Mtsikanayo anati analikhomera misomali kuti lisawonongeke. Ndinangoligwira ndi dzanja n'kuyamba kuseka ndekha, iye n'kumandiyang'ana modabwa. Ndinawasowa kwambiri onse awiri.