Nkhanga ya Mchira wa Nsomba

Lachinayi lapitali ndaona mkango wa mchira wa nsomba. Ndauona ndi maso angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe chilichonse chowawa. Inu amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ine bodza ndinalekana nalo ndili kumsana, ndiye khalani pansi ndikuuzeni.

Mwana wanga Thoko, uja anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Zambia, watipatsa mdzukulu wamkazi. Ubatizo anaukonza Lamulungu, ku katchalitchi kena kamiyala kufupi ndi kwathu kuno ku Bowie, ku Maryland, pafupi ndi Washington. Nkhani yokoma, eti? Dikirani.

Mayi a kunyumba anaitanitsa chitenje ku Limbe choti akamukutire mwanayo pa tsikulo. Chobiriwira, cha nkhanga. Chinabwera m'sutikesi ya munthu amene anachita kusiya nsapato zake pabwalo la ndege kuti icho chikwane, ndipo mpaka lero munthuyo akuyenda chapansi mu Washington. Nawo asewere athu, amake a mkamwini wathuyo, anatsika ndege kuchokera ku Lusaka ndi chawo. Chabuluu, cha nsomba.

Zitenje ziwiri, mwana mmodzi.

"Mwana wa mwana wamkazi ndi wakuchikazi," anatero mayi a kunyumba akuthira tiyi. "Kwathu ku Dedza zimenezi sitichita kukambirana."

"Manje asebele, ise tinalobola," anayankha asewere akulandira kapu ndi manja awiri. "Uyu mwana ni wathu. Olo mphuno muyangane, ni ya atate ake."

Onse amamwetulira. Kumwetulira kwake kunali koti mkaka wa mwana unasasa m'botolo. Ndinaulawa ndekha, unali chambiko.

Thoko, amene sanagone tulo teniteni chibadwire khandalo, anayamba wayankha m'Chingerezi, kenako anabwereza m'Chichewa. Mwana wokulira kuno akakubwerezera mawu m'Chichewa dziwa kuti zafika pamwana wakana phala. "Mukapanda kugwirizana pofika Loweruka, ndikamubatizitsa pakati pa sabata nonse kulibe, nditamukuta m'kabulangete ka kuchipatala. Mudzaona pa chithunzi."

Mdzukulu woyamba, abale. Kumuona pa chithunzi!

Tsono Lachinayi abambo ansembe anatiitana kuti tikayeserere, poti kuno ngakhale ubatizo amayeserera ngati ukwati. Ndinawanyamula agogo awiriwo pagalimoto, onse mpando wakumbuyo, aliyense chitenje chake pamiyendo. Munazizira m'galimotomo moti ndinachita kupala chisanu pagalasi, mkati, mwezi wotentha uno. Ndikanama galimotoyo mawa isalire.

Tikulowa m'tchalitchimo, pafupi ndi khomo, ndinaona chinthu chonga mtondo. Mtondo wamwala, wondifika m'chiuno, kukamwa kwake koti mwana wa chaka angasambiremo. Ndinafunsa abambo ansembe, mzungu wamtali wa imvi, kuti kodi muno mumasinjiramo chiyani. Maso awo anawala ngati munthu amene wadikira funso limeneli kuyambira tsiku lomwe anadzozedwa.

Ati ndilo beseni la ubatizo. Linabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku mudzi wina wa ku Mangalande, tchalitchi cha kumeneko chitasowa anthu. Ati linasemedwa kalekale, azungu asanadziwe n'komwe kuti kutsidya kuno kuli dziko. Ndinaligwira. Mwala wake wasalala m'mphepete ngati mpini wa khasu la agogo, manja a anthu okhaokha.

Koma chimene chinandiimitsa mtima ndi zimene anasema m'mbali mwake. Mbali iliyonse ili ndi kachishango, ndipo pakachishango kalikonse pali chithunzi. Apa timbalame. Apa zigoba za nkhono. Apa galu wa makutu akugwa amene akuoneka kuti wangokalipiridwa kumene. Abambo ansembe anati masiku amenewo anthu ambiri sankawerenga, ndiye banja lililonse lotchuka linkadziwika ndi chithunzi chake. Likathandiza kumanga tchalitchi, mmisiri ankasema chizindikiro chawo pabeseni, kuti mwana aliyense wa m'mudzimo, polowa m'Chikhristu, adutse pamaso pawo.

Ndinakuwa m'nyumba ya Mulungu. "Mfunda! Uwu ndi mfunda wosema pamwala!"

Tangoganizani zikanakhala kwathu. A Phiri akanasemetsa phiri, zosavuta. A Njobvu akanafuna mbali ziwiri kuti chitamba chikwane. A Mbewe akanasemetsa mbewa itaima ndi miyendo iwiri, itatulutsa zikhadabo, ndipo akanakumenya ukanati si mkango.

Sizinathere pomwepo. Pamlomo pa besenilo pali zipsera za dzimbiri. Ati pamenepo panali loko. Ankavundikira madziwo n'kukiya, chifukwa anthu ankawaba kukachitira mankhwala. Azungu, abale anga! Kuba madzi a m'tchalitchi kukatsirikira makola! Ndinafuna kuimbira foni mudzi wonse wa kwathu nthawi yomweyo kuti akweze mitu.

Kenako ndinazungulira mbali ya kukhoma, ndipo ndi pamene ndinakumana nacho chilombo chija. Mutu wa mkango, manyenje ake, mwendo wakutsogolo uli m'mwamba ngati ukuimitsa minibasi. Kufika pakati, mzere wowongoka. Kuseri kwa mzerewo, mamba ndi mchira wa nsomba.

"Abambo, mmisiriyu anali ataledzera?"

Anaseka. Ati ayi, umenewo ndi ukwati. Mnyamata wa banja la mkango akakwatira mtsikana wa banja la nsomba, ankadula zishango zonse ziwiri pakati n'kulumikiza, theka la kuchimuna, theka la kuchikazi. Ati pambuyo pake anasiya kutero chifukwa zilombo zinachuluka, koma besenili ndi la nthawi imene anali asanachite manyazi.

Ndinafunsa kuti mabanja awiriwo anali ayani. Anatambasula manja. Palibe amene akudziwa. Mayina anapita, mudzi unatha, watsala ndi msokowo.

Mutu wanga unayaka ngati magetsi a Khirisimasi. Ndinathamangira agogo aja, amene anakhala mabenchi osiyana, wina kumanja wina kumanzere ngati pa mlandu.

"Amayi! Asewere! Bwerani mudzaone! Yankho lakhala likutidikira pamwala zaka mazanamazana. Sizasi basi! Tidule zitenje zonse ziwiri pakati, tilumikize!"

Agogo awiriwo anayang'anana.

"Bambo a Thoko," anatero mayi a kunyumba pang'onopang'ono, "mankhwala anu aja mwamwa lero?"

"Kujuba chitenje chanyowani?" Asewere anagwira pachifuwa. "Asebele, amuna anu ali bwino-bwino?"

"Ndi mmene alili, asewere. Ine ndapirira."

"Mwalimba, mayo. Anga analiko chimodzimodzi, Mulungu awasunge. Tsiku lina anapenta mbuzi."

Anaseka. Onse awiri, limodzi, koyamba chitsikire ndege. Potuluka anagwirana mkono, ndipo njira yonse yobwerera anakambirana zofooka zanga, mmodzi akayiwala mnzake n'kumukumbutsa, chonsecho asewere andidziwa masabata awiri okha. Galimoto inafunda mpaka ndinatsitsa magalasi.

Ndiye ndakhala ndikuganiza, anzanga. N'chifukwa chiyani timalimbirana chonchi kudinda chizindikiro chathu pa mwana? Wina dzina, wina mfunda, wina chitenje, wina mpingo. Mwana sanatsegule n'komwe maso bwinobwino, ife tagawana kale mphuno ndi makutu ngati nyama ya pamaliro.

Musandimve molakwa, sindikuseka agogo aja. Ndikudziwa chimene chimawawawa. Kuno ana athu timawalankhula Chichewa iwo n'kuyankha Chingerezi. Mdzukulu uyu akula akudziwa njira ya sitima yopita ku tauni ya Bethesda kuposa njira ya kudambo kwa amake a amake. Agogo akamakoka chitenje sakukoka nsalu ayi, akuopa kufufutika. Akufuna kuti pathupi pa mwanayu pakhale kena konena kuti ifenso tinaliko.

Koma mwala uja wandiuza chinthu. A mkango aja ayenera kuti ankayenda chifuwa chili patsogolo. A nsomba nawo chimodzimodzi. Lero ndani akuwadziwa? Chimene chawoloka nyanja n'kudzafika ku Maryland si dzina la uyu kapena la uyo. Ndi tsiku lija anavomera kudulidwa pakati kuti akwane pachishango chimodzi.

Loweruka masana ndinamva makina osokera akulira m'chipinda chapansi, chitseko chokiya. Nditagogoda anandiuza kuti ndikatsuke galimoto. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse, koma izi zinapangana ine ndili panja ndi ndowa.

Lamulungu mdzukulu wanga analowa m'tchalitchi atakutidwa m'nsalu ya mbali ina yobiriwira, mbali ina yabuluu. Pamsoko, pamsana penipeni pa mwanayo, panali nkhanga ya mawangamawanga, mutu uli tolotolo, yothera mchira wa nsomba. Abambo ansembe ataiona anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Thoko analira, ndipo anayamika m'Chichewa osayambira Chingerezi.

"Nzeru imeneyi inatibwerera tikupemphera," mayi a kunyumba anauza anthu panja.

"Mzimu chabe," anavomereza asewere.

Ine ndinali pomwepo, nditanyamula zikwama zawo zonse ziwiri. Sanandiyang'ane n'komwe.

Mwiniwake wa mwambo anagona mpaka madzi atamukhudza pamphumi. Apo anadzidzimuka, analira mpaka galu wa pamwala uja anaimika makutu, kenako anabweza ubatizo wakewake kupyola thewera. Ndinayeza ndi chala pamaso pa mboni: ananyowetsa pamsoko penipeni, theka ku Dedza, theka ku Lusaka, osakondera.

Inu mukuti ndikunama. Nsaluyo ili pachingwe kuseri kwa nyumba yanga, bwerani mudzaione nkhanga yosambira. Koma pobwera mundiyankhe: kwanuko, chimene mukukanirira kuti chisadulidwe pakati n'chiyani, ndipo mwana amene mukumulimbiranayo adzafunda chiyani mukamaliza?