Ndinataya apongozi ndi chala chimodzi

Chala changa chachikulu chinakulira pa chingwe cha khoka, ndiye kukhudza pang'ono sichidziwa. Chikagwira chagwira. Chala chomwechi ndi chimene chinataya apongozi anga aamuna Lachitatu lina m'mawa, ndipo nkhaniyi ndikulemba ndekha, pang'onopang'ono ndi sitandade thu yangayi, kuti asewere anga asaikometsere mbali yawo.

Foni anatigulira mwana wathu wamkazi, mphunzitsi ku Kasungu. Atabwera pa holide, akufufuza pa intaneti zoti akaphunzitse ana, tinangomva wakuwa. Anapeza tsamba lokhala ndi chithunzi chakale cha asodzi pamene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja, chojambula mlendo wina kalekale. Wachitatu kuchokera kumanzere, chipewa chopendekeka, nkhafi paphewa, anali bambo ake a mkazi wanga. Mkuluyo anamwalira osasiya chithunzi ndi chimodzi chomwe. Mayi akunyumba anakhala pansi pomwepo, padothi, n'kuyamba kuwapatsa moni bambo awo.

Pochoka mwanayo anati, "Ababa, tsamba ili musatseke. Ndalipeza mwangozi, njira yake sindikuikumbukira."

Ndinamuyankha kuti ine ndasunga ngalawa pa mwera moyo wanga wonse, tsamba lingandikanike?

Linakhaladi chotsegula milungu itatu. Mayi akachokera kumunda wa mpunga, asanamwe ndi madzi omwe, ankayamba ayang'ana bambo awo. Abale awo a ku Chia ndi ku Kanyenda anamva, napangana zodzaona nkhopeyo pa sadaka yokumbukira malemuwo Loweruka. Ndiye Lachitatu lija, mayi ali kumunda, ine ndinatenga foni kupita nayo pa bawo kuti anzanga aone banja limene ndinakwatirako. Ndinafuna kukulitsa chipewa chija. Chala chinaterereka, panatuluka timabokosi, ndinakankha kamodzi, fyuu! Apongozi apita. Patsala poyera ngati mbale yotsuka.

Ndinaigwedeza foni. Ndinaizimitsa n'kuyatsanso. Ndinaiuzira ndi mpweya womwe. Kuimbira wa ku Kasungu, foni yake yozima, ali m'kalasi. Dzuwa likukwera, ndipo mayi amaweruka likafika pamutu.

Kunatsala munthu mmodzi, amene sindifuna kumupempha ngakhale machesi: asewere anga, bambo ake a mkamwini wanga. Anali kalaliki ku nzimbe ku Dwangwa, ndipo mpaka lero amayenda ndi cholembera m'thumba la malaya ngakhale akupita kokasamba. Ndinawapeza pakhonde pawo, pafupi ndi azimayi ogulitsa tomato.

"Asewere, ndataya apongozi."

"Si anamwalira kale amenewo?"

"Ndawatayanso."

Anavala magalasi mosafulumira, ngati dokotala, naiyang'ana foniyo uku ndi uku. "Musade nkhawa. Zonse zili mu mbiri yanu."

Mbiri yanga! Ndinkadziwa kuti ndi yaikulu, kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, koma zoti yafika mpaka m'foni sindinkadziwa. Nkhawa ndinaiiwala kaye. "Yalembedwa? Walemba ndani? Za kampango uja ndinakoka ndekha aikamo?" Ndinatembenuka n'kukuwira azimayi a tomato aja, "Inu, siyani kaye malonda, bwerani mudzamve mbiri yanga!" Anabweradi, anayi, wina ndi beseni pamutu.

Asewere anadina timadontho titatu tapakona. "Apa pa Chingerezi alemba hisitole, mbiri yake ndi imeneyo. Foni imasunga paliponse pamene mwaponda." Anakonza kukhosi nayamba kuwerenga mokweza, monga ndinapemphera ndekha.

"Dzulo: mankwala adazi. H mwamusiya kuti, asewere?"

Azimayi aja anayang'ana kofia yanga, asewere n'kupitiriza kuwerenga.

"Dzana: mankwala adazi amphamvu. Lamulungu: kodi dazi limatha."

Mayi wa beseni uja analitsitsa pansi kuti aseke bwino. Anthu apano ankaganiza kuti kofia sindivula chifukwa cha mapemphero okha.

"Dumphani pamenepo!" ndinatero.

"Sindingadumphe, adada. Apongozi anu angakhale pakati pa madaziwa."

Walahi, ndikanatha kulanda foni n'kumapita. Koma ndinaganiza za mayi akunyumba akutula khasu, kutambasula dzanja kuti ndiwapatse bambo awo, ine n'kuwapatsa mbale yotsuka. Ndinaima nganganga. Milungu itatu ndi yaitali, anthu inu. Anawerenga za mafuta a nsatsi. Anawerenga za anyezi wopaka pamutu. Mmodzi wa azimayi aja anafunsa ngati anyeziyo ndinagula kwa iye, ndipo zinali zoona.

Kenaka asewere anasiya kuseka. Anadina mzere wina, foni inaganiza pang'ono, ndipo chipewa chopendekeka chija chinatulukira, nkhafi paphewa.

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinavina, ine munthu wamkulu, kofia m'manja, dazi pa dzuwa, ndani analinso wosadziwa? Asewere ndinawanyamula m'mwamba iwo akukuwa za magalasi awo. Nditawatsitsa ndinati andiphunzitse, osati mawu koma malo: timadontho titatu, kachizindikiro konga wotchi, kenaka mzere. Tinabwereza kasanu.

Mayi anafika matope ali m'miyendo. Ndinalephera kudzigwira. "Mayi, taonani kuno." Ndinawaonetsa bambo awo, n'kukankha dala. Fyuu!

"Abambo inu! Mwatani!" Khasu linali lidakali m'manja, ndipo sindinakonde mmene analigwirira.

Timadontho. Wotchi. Mzere wapamwamba. Chala chinamvera. Apongozi abwera.

Mayi anawayang'anitsitsa bambo awo. Kenaka anati, "Tsekaninso." Ndinatseka. "Bwezani." Ndinabweza.

"Ndiye kuti sangapitenso?"

"Akapita tiwatsatira."

Apo m'pamene anandiuza kuti milungu yonseyi ankaopa ngakhale kupukuta fumbi pa foniyo. Anatsuka m'manja, nati ndiwaonetse. Iwo anakhoza ulendo woyamba, zimene sindinaone chifukwa chozinenera kwa asewere.

Loweruka foni inayenda m'manja mwa a ku Chia ndi a ku Kanyenda omwe, manja a mafuta, azakhali ena mpaka kuipsompsona. Mng'ono wawo wa mayi ankaopa kuilandira. Mayi anamuika nayo m'manja okha.

"Gwira iwe, gwiritsa. Akathawa ndiwabweza."