Makutu a Asekulu

Fungo la fodya wa mphuno limandibwezela ku Mphamba, chaka chija amalume anatengedwa kupita ku nkhondo ya azungu. Inali nyengo yokumba nshawa. Zala zathu zinkakhala zofiila ndi dothi, ndipo mbuzi za masiku aja zinali zakuba kuposa za lelo, ukangotembenuka zagwetsa mulu wonse.

Asekulu, bambo awo a amama, anali Atumbuka. Atate anali Angoni, a ng'ombe zawo. Asekuluwo anali ndi mabowo aakulu m'makutu, oti chala n'kulowa, ndipo m'bowo limodzi ankasomekamo kabango ka fodya. Ine ndinkasilila. Tsiku lina ndinapempha mnzanga andiboole ndi munga wa mthethe. Khutu linatupa, mafinya kumangochucha, ntchentche osandisiya.

Amama akunditsuka balalo ndi madzi amchele pakhonde, asekulu anasiya kuthothola nshawa.

"Umafuna kufanana ndi ine, mzukulu?"

"Adada, musayambe. Mwanayu akali wamng'ono," anatelo amama.

"Ine ndinali wamng'ono kuposa iyeyu."

Anafotokoza osakweza mawu, ngati akukamba za mvula. Ankhondo anafika pamudzi pawo anthu akukonzeka kupita kumunda. Amuna onse anabayidwa. Amayi awo a asekulu anagwela pamtondo, khanda lili kumbuyo, ndipo nalonso sanalisiye. Ana otsala anawaimika pamzele n'kuwaboola makutu ndi mpeni, kuti aliyense adziwe kuti tsopano ali ndi eni ake.

"Anali ndani?" ndinafunsa.

Asekulu anangoyang'ana pansi. Amama anafinya khutu langa mpaka ndinalila. Atate anali chapafupi, akusema mpini wa khasu, ndipo ndinamva kusemako kwaleka.

"Anali akwathu," anatelo atate. "Bambo anga analipo."

Mpaka nshawa zonse zinalowa m'nkhokwe, sindinalandile kanthu kuchokela m'manja mwa atate, ngakhale mkaka, chonsecho mkaka ndinkaukonda kufa. Ndinkayesa iwo ndiwo anagwila mpeni uja, pamene anali asanabadwe n'komwe. Sanandikalipile. Ankangoika chikho pansi n'kuchokapo.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati atate avomela mlandu ngati mbava yogwidwa. Lelo adzukulu anga akandifunsa zakale, ndimayamba kukamba za mbuzi. M'pamene ndimakumbuka kuti atate palibe anawafunsa. Akanatha kungowelama n'kupitiliza kusema.