Maliro amene anatipatukira

Kwathu ku Kabudula maliro sapatukira munthu. Masamba akayalidwa pamsewu, wa njinga amatsika n'kumaikankha, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono. Ukakumana ndi bokosi likupita kumanda umaima pambali mpaka munthu womaliza adutse. Ndinakula ndikudziwa zimenezi, ndipo sindinkaganiza kuti pamsewu pali lamulo lina loposa limeneli.

Chaka china mng'ono wanga anali ndi pakati poyamba, ndipo ine ndinali womudikirira kuchipatala. Matenda anayamba m'mawa. Pofika masana anamwino anati mwana wakhala mopingasa, tithamangire ku Lilongwe akamuchite opaleshoni. Anatikweza mu ambulansi, iye chigonere, namwino atagwira botolo la dilipi, ine nditafungatira beseni la zitenje.

Inali nthawi ya dzinja, msewu uli matope okhaokha. Pa Nsaru tinapeza minibasi itaima pakati pa msewu ikukweza matumba. Sayirini yathu inkalira, koma dalaivala wake anangotulutsa mkono pawindo kuti tidikire. Ndinatukwana, sindibisa. Adalaivala athu, bambo a imvi m'ndevu, anangopukusa mutu.

"Mayi, lamulo lilipo," anatero. "Woyendetsa aliyense akamva sayirini apatuke, aime, ife tidutse. Awa akulidziwa bwino lomwe, kungoti makani."

Minibasi ija inasuntha amayi ogulitsa tomato ataikuwiza.

Titayenda ndithu, tinafika pamene msewu umapanikizika pakati pa minda ya fodya, uku ngalande, uku ngalande, zonse zodzaza madzi. Ndinaona masamba pansi. Kutsogolo kunali thirakitala ya pa esiteti ikukoka ngolo, bokosi lili pamwamba, amayi atakhala molizungulira, khamu likutsatira pambuyo ndi nyimbo. Anali matenanti, anthu obwera kudzalima fodya wa eni esiteti. Ndivomere kuti ife a m'midzi sitinkawawerengera kwenikweni. Moni wathu kwa iwo unkakhala wa pakamwa chabe.

Minibasi ungaikuwize, nanga maliro ungawatani? Adalaivala omwe aja, odziwa malamulo, anazimitsa sayirini n'kuvula kapusi. Nawonso anali mwana wa m'mudzi ngati ine. Tinayamba kukwawa pambuyo pa khamu lija, mng'ono wanga akubuula, zikhadabo zake zitalowa m'dzanja langa.

Namwino anaika chomvera pamimba pake, kenako anadzutsa mutu. "Bambo, yatsani. Mtima wa mwana ukumveka patali."

Adalaivala anayatsanso sayirini ija.

Nyimbo inaduka pakati. Anthu onse anacheuka, ndipo ine ndinafuna kubisa nkhope m'beseni chifukwa cha manyazi. Pambuyo penipeni pa ngolo panali bambo wina wowonda, wopanda nsapato, amuna awiri atamugwira uku ndi uku. Aliyense akanadziwa kuti mwini maliro ndi ameneyu. Anatiyang'ana kanthawi, kenako anasolola mkono wake kwa omugwira aja, n'kulozera woyendetsa thirakitala kungalande.

Sindinamve mawu alionse. Ndinangoona thirakitala ikukhota n'kutsetserekera m'madzi, ngolo ikupendekeka, amayi aja akukumbatira bokosi kuti lisagwe. Khamu linagawika. Amuna analowa m'ngalande mpaka m'mawondo, amayi ena anaima m'mizere ya fodya, wina anakoka masamba aja kuwachotsa pamsewu. Tinadutsa pakati pawo, pafupi kwambiri moti ndinaona misomali ya pabokosi. Mayi wina wa mpango woyera anasuzumira pawindo, anaona mimba ya mng'ono wanga, n'kunena motsitsa, "Pitani, akachire."

Ndinali ndisanaonepo wakufa akupatukira wamoyo, ndipo mpaka lero sindinaonenso. Nditayang'ana pagalasi la kumbuyo ndinaona thirakitala itatitimira, amuna akutsitsa bokosi n'kulisenza pamapewa. Nyimbo ija inayambiranso, ife tikutalikira.

Mng'ono wanga anachira madzulo omwewo, mwana wamkazi. Titabwerera kumudzi ndinafunsafunsa kuti maliro aja anali a yani, ndikapepese, ndikathokoze. Ndinazengereza, ntchito za kumunda zinandichulukira, ndipo pamene ndinkafika pa esitetipo fodya anali atagulitsidwa, matenanti a chaka chimenecho atapita kwawo. Dzina la malemu sindinalimve. Zimandipwetekabe.

Choncho ndikafika pamalo paja ndimatsika njinga n'kuikankha, ngakhale palibe masamba. Tsiku lina ndinali ndi mwana wa mng'ono wanga uja, atakula, aliyense pa njinga yake tikuchokera ku Nsaru. Anaima n'kundiyang'ana modabwa.

"Amayi aakulu, mwatsikiranji? Palibetu maliro pano."

"Alipo," ndinatero. "Tsika nawenso."