Tsiku Limene Natsuho Anageya Pamaso pa Abale

Natsuho Kuwabara anabadwira pamwamba pa sitolo ya tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, m'tauni ya Tokamachi, kumene chipale chofewa chimakwirira mazenera mpaka mwezi wa Malichi. Ali mwana sankayankhula zambiri. Ankangokhala pa thumba la soya n'kumayang'ana pakamwa pa ogula, mpaka ena ankafunsa ngati mwanayo ali bwinobwino. Ofunsa oterowo, agogo ake aakazi, a Fumie, ankawapatsa tofu wawo n'kuwalozera khomo. Ana a kwa Kuwabara sabwebweta, basi.

Mwini mawu m'nyumbamo anali agogo aamuna, a Shigeo. Akati "Takulandirani!" ankamveka mpaka kokwerera basi. Ndiye khansa inawagwira pakhosi, madokotala n'kuchotsa kholingo lonse. Anabwerako amoyo, akupumira pa kabowo ka pakhosi, koma mawu anatsala kuchipatala. Anayamba kuyenda ndi kabolodi kolembapo, ndipo ogula akalowa ankazembera kuseri kwa mapoto. Chaka chomwecho Natsuho analowa yunivesite ku Niigata kukaphunzira za mavuto a kuyankhula, kumva ndi kumeza.

"Zaka zinayi kuphunzira za kuyankhula?" anaseka azakhali ake, a Michiyo. "Ife tinazidziwa tili kumsana kwa amayi."

M'chaka chachiwiri mphunzitsi anaonetsa Natsuho ndi anzake kanema wojambulidwa ndi kakamera kolowetsa pamphuno. Natsuho anaona timinofu tiwiri totuwa ta m'kholingo, tosaposa chikhadabo, tikugundana mofulumira moti diso silingatsatire. Anatuluka m'kalasi atadzigwira pakhosi. Nyimbo zonse, mikangano yonse, kulira kwa khanda, zonsezo n'kumachokera pa kanthu kakang'ono chotere! Ndipo tomweto ndito agogo ake analandidwa.

Sabata yotsatira anamva zoposa pamenepo. Munthu wopanda kholingo angathe kuyankhulanso. Amameza mpweya n'kuubweza pang'onopang'ono, m'mero n'kumanjenjemera m'malo mwa timinofu tija. Kunena mosapsatira, ndi kugeya, koma kugeya kophunzitsidwa mwambo. Mumzindamo munali gulu la anthu ochotsedwa kholingo, lokumana Loweruka lililonse, ndipo ankayambira pa tiyi: kumeza tiyi pamodzi ndi mpweya.

"Iwe sunakhale katswiri," anamuchenjeza mphunzitsi. "Usawaphunzitse wekha. Ungowafikitsa pakhomo."

Kuwafikitsako ndiye inali ntchito. A Shigeo anawerenga kapepala ka gululo, n'kulemba pabolodi: "Ndine munthu, si ng'ombe." Mmunsi mwake anawonjezera chimene banja lonse linkaopa, kuti chaka chikatha atseka sitolo. Sitolo imene mwini wake salonjera anthu, analemba motero, inafa kale.

Natsuho anabwerera kusukulu osatsutsa. Kwa miyezi iwiri ankadzitsekera m'chipinda ndi ketulo, kumeza tiyi ndi mpweya mpaka mimba kutupa ngati ng'oma. Mnzake wa chipinda choyandikana anafika pomufunsa ngati akuweta nyama.

Pa Obon, masiku okumbukira makolo amene anatisiya, abale anadzaza nyumba. Chakudya chili mkati, Natsuho anaika timitengo todyera pansi, anapsontha tiyi, n'kutsinzina. Kuchokera m'mimba munatuluka mawu okhakhala ngati chitseko chakale.

"A... go... go."



"Mayo ine! Pamaso pa makolo?" anakuwa a Michiyo. "Amayi, izi ndi zimene akuphunzira kuyunivesiteko?"

"Tatseka pakamwapo, Michiyo," anatero a Fumie. "Iwe kholingo uli nalo zaka makumi asanu, unanenapo chiyani chanzeru?"

A Shigeo sanaseke, sanakwiyenso. Maso awo anali pakhosi pa mdzukulu. Anakoka bolodi n'kulemba: "Bwereza." Natsuho anabwereza, makutu atafiira ndi manyazi, ndipo nkhalambayo inaika zala zake ziwiri pakhosi pa mtsikanayo kuti imve pamene pakunjenjemera. Inakhala choncho kanthawi. Kenako inafufuta bolodi ndi mkono wa malaya, n'kulembapo kufunsa nthawi imene sitima ya Loweruka imanyamuka.

Kugululo anawalandira bambo wina wadazi, wa mpango pakhosi ngati iwo.

"Mwachedwa, achimwene," anatero ndi mawu a m'mimba aja. "Tiyi... wazizira."

A Shigeo anangoti kukamwa yasa. Natsuho anakakhala kumbuyo ndi kope lake monga anamuuzira mphunzitsi. Anthu makumi awiri opanda kholingo, akunyozana, akukangana za mpira!

Sizinabwere msanga ayi. Masabata anayi a Shigeo ankabwerako ndi mimba yodzaza tiyi, mawu osatuluka. Sabata lachisanu kunatuluka "a" mmodzi yekha, ndipo a Fumie anaphika mpunga wa nyemba zofiira ngati kwabadwa mwana. Za sitolo palibe analimba mtima kufunsa.

Loweruka lina la Novembala, a Shigeo akuvala nsapato kuti apite kusitima ndi Natsuho, foni ya m'sitolo inalira. Anali a Tamotsu, mlimi wa soya, mnzawo wa a Shigeo kuyambira kupulayimale. Ankafuna kudziwa ngati asunge matumba a chaka chamawa kapena apereke kwa ena. A Fumie anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma amuna awo anawalanda foni. Anameza mpweya kawiri.

"Matumba... makumi atatu."



"Shigeo? Ndiwe?" Mawu a mlimiyo ankamveka chipinda chonse. "Iwe, ukumveka ngati chule wa m'munda wa mpunga!"

A Shigeo anamezanso mpweya. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Chule... ndiwe. Usaikemo... miyala."

Anabweza foni pamalo pake n'kumaliza kumanga nsapato ngati palibe chachitika. Sitima ya tsiku limenelo inawasiya, chifukwa a Fumie anali atakhala pansi pakhomo penipeni, apuloni kumaso, ndipo panalibe podutsira.