Ulemu Unkandilowetsa Madzi M'maso

Mabuku onena za sitima zomira ndinayamba kuwatola ku laibulale ina kuno ku Wheaton, kudziko la azungu kumene tinasamukira, pa shelefu ya mabuku otha ntchito amene amangowasiya kuti wofuna atenge. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye chilichonse chimene ndadziwerengera ndekha ndimafuna aliyense achimve, afune asafune. Mwana wanga wamkazi anakula akumva za makorali nthawi ya chakudya: kuti amaoneka ngati miyala koma ndi tizilombo tamoyo, kuti sitima ikamira m'nyanja yofunda amaimerera pang'onopang'ono mpaka chitsulocho chisanduke mudzi wa nsomba. Ndinkafotokoza ngati munthu wobadwira pansi pa nyanja, chonsecho kwathu ndi kumapiri a ku Dedza, ndipo kusambira ndinaphunzirira padziwe lomwetsera ng'ombe.

Atamaliza maphunziro ku College Park, mwanayo anapeza ntchito kutsidya lina la dziko lino, kumene sungafike popanda ndege. Asanasamuke anabwera ndi nkhani.

"Adadi, mwalankhula mokwanira. Ndakulembetsani sukulu yosambira pansi pa madzi. Mukakhoza tipita limodzi kuzilumba za ku Florida, mukaone sitima yomira ndi maso anu."

"Nanga ndikalephera?"

"Mukakhala m'boti n'kumandisungira thaulo."

Amayi ake anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ine sindinaseke kwenikweni. Ndinadziwa kuti ulendowo ndi womaliza kuyenda naye akadali mwana wa m'nyumba mwathu, ndipo sindinafune kuuthera pamwamba pa madzi nditafungatira thaulo.

Za m'kalasi ndinawapitirira ophunzira anzanga onse. Mphunzitsi wathu, mayi wachizungu wa msinkhu wa mwana wanga, asanamalize funso ine dzanja lili m'mwamba. Mavuto anayamba titalowa m'dziwe losambiramo, thanki ya mpweya kumsana, chopumira m'kamwa, kumaso masiki ya galasi yophimba maso ndi mphuno. Tinkagwada pansi pa dziwelo mozungulira, mphunzitsi n'kumabwera kwa aliyense payekha kudzaona ngati akuchita bwino zimene watiphunzitsa. Kwa anzanga zinkayenda. Akangofika pamaso panga, madzi ankayamba kulowa m'masiki, kukwera mpaka m'mphuno, ine n'kuthawira pamwamba ndikutsokomola ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala. Njira yotulutsira madziwo ndinkaidziwa pamtima: kwezera mutu m'mwamba, kanikiza masiki pachipumi, tulutsa mpweya m'mphuno. Koma ndikangotulutsa, ena ankalowa. Mphunzitsiyo ananena mwaulemu kuti sangandipatse chilolezo chokalowa m'nyanja ndikadali wothawathawa choncho.

Anayamba wandisinthira masiki. Osathandiza. Kenaka anayang'ana ndevu zanga za pansi pa mphuno n'kunena kuti mwina madzi akudutsira mmenemo.

Kunyumba nkhaniyi inavuta.

"Ndevu zimenezo ndinakwatiwa nazo," anatero akazi anga. "Mukameta ndiye kuti ndigona ndi mlendo m'nyumba muno."

"Zidzameranso."

"Nzeru ndi zimene sizidzameranso, bambo. Munthu wamkulu kumeta ndevu chifukwa cha nsomba."

Ndinameta. Lamlungu kutchalitchi mnzanga wina wa ku Zambia, amene timakhala benchi imodzi, anandiyang'ana nthawi yonse ya ulaliki. Titatuluka anandikokera pambali. "Mudala, mwaoneka monga mwana wa sukulu. Kapena mufuna kuyamba kwaya ya bafana?"

Ndinabwerera kudziwe mlomo uli mbee, ndipo madzi analowa chimodzimodzi. Tsiku limenelo ndinakwiya ndithu. Ndinakwiyira masiki, ndinakwiyira mabuku amene amakamba za kulemera kwa madzi masamba ambirimbiri osanena kanthu za nkhope ya munthu ngati ine, ndinakwiyiranso mnyamata wina wonenepa wa m'gulu lathu amene sanayankhepo funso n'limodzi lomwe m'kalasi koma pansi pa madzi ankangokhala phee ngati mvuu.

Titatuluka, mphunzitsi anakhala m'mbali mwa dziwe akundiyang'anitsitsa.

"Bambo, n'chifukwa chiyani mumandimwetulira nthawi zonse ndikafika pamaso panu?"

"Ine? Sindimwetulira."

"Mukumwetulira panopa."

Anandifotokozera kuti munthu akamwetulira masaya amakwera, m'mbali mwa mphuno mumachita makwinya, ndipo mphira wa masiki umasiya mpata. Ndevu zanga zinafera za eni.

Ndinayesa kumuuza kuti kwathu munthu akakuyang'ana sum'bwezera nkhope youma, makamaka amene akukuphunzitsa. Kuonjezera apo, ndagwira ntchito zaka zambiri kunyumba yosamalira okalamba, kumene umalowa m'chipinda chilichonse ukumwetulira, ngakhale mwini chipindayo dzulo anakugenda ndi mbale ya phala. Nkhope yanga inasiya kalekale kundifunsa. Iye anamvetsera bwino, n'kunena kuti zonsezo n'zabwino, koma madzi sadziwa ulemu.

Ndiye ine, bambo wa imvi, ndinayamba kuphunzira kusamwetulira. Aphunzitsi abwino ndinawapeza m'sitima ya pansi pa nthaka m'mawa. Mmenemo anthu amakhala moyang'anizana ulendo wonse nkhope zili gwa, ndipo ine ndinkasankha mmodzi n'kumamutsanzira. Tsiku lina ndinaiwala kuivula nkhopeyo pofika kuntchito, gogo wina amene ndimamusambitsa anandigwira dzanja n'kufunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Akazi anga ndiwo anandipatsa mankhwala enieni, ngakhale anali asanandikhululukire za ndevu.

"Muziganiza chinthu chokunyansani. Zija mumachita magalimoto akakutsekerani pamsewu wopita ku Arlington, nkhope imeneyo sipangalowe ngakhale dontho."

Mayeso omaliza tinakachitira m'chidzenje chimene kale ankakumbamo miyala, chodzaza madzi ozizira obiriwira, momwe anamizamo basi yakale kuti ophunzira azikhala ndi choona. Mphunzitsi atafika pamaso panga, ine m'maganizo ndinali pamzere wa magalimoto, wakumbuyo akuliza hutala. Ndinamuyang'ana mayi wosalakwayo ngati wandibera nkhuku. Ndinakhoza.

Ku Florida madzi anali ofunda ndi oyera moti uli m'boti umaona mchenga pansi. Tinatsika pogwira chingwe, ine patsogolo, mwana wanga pambuyo. Sitimayo sinali ngati ya pa zikuto za mabuku. Panatsala nthiti zachitsulo zitangoti mbwee pamchenga, ndi chithanki chachikulu chimene ankawiritsiramo madzi oyendetsera injini, chitagona cham'mbali. Koma pachitsulo chilichonse panali patamera makorali, ena ngati nyanga, ena ngati bowa, ena ngati lichero lofiirira logwedezeka ndi madzi. Tinsomba tachikasu tinkalowa ndi kutuluka pakabowo ka chithankicho ngati ana pakhomo la golosale. Ndinaugwira mtima, nkhope ili gwa.

Kenaka mwana wanga anazungulira n'kudzaima pamaso panga kuti aone ngati ndakondwa. Maso ake kuseri kwa galasi anali a kamwana kaja kamene kankamvetsera nkhani zanga kakusinza. Msewu wa ku Arlington unandithawa, ndinamwetulira. Madzi analowa, ndipo madzi a m'nyanja si a m'dziwe. Mcherewo umaluma m'maso ngati tsabola, zimenenso palibe buku limene linandichenjeza. Sindinathawire pamwamba. Ndinakweza mutu, kukanikiza pachipumi, kutulutsa mpweya m'mphuno. Nditatsegula maso anali pompo, akundiyang'ana modandaula, ndipo ine pofuna kumulimbitsa mtima ndinamwetuliranso. Madzi analowanso. Munthu kuwoloka dziko lonse kudzalira misozi yamchere pamaso pa nsomba.

Anandifunsa ndi chala ngati tikwere. Ndinapukusa mutu mwamphamvu. Apo anachoka pamaso panga n'kupita chakumbuyo kwa phewa langa, kumene sindikanamuona, n'kundigwira pachigongono. Tinayenda choncho mpaka mpweya utatsala pang'ono. Akafuna ndione chinthu ankafinya chigongonocho n'kutulutsa dzanja patsogolo panga kuloza: nkhanu yaikulu itabisala pansi pa nthiti ya sitima, nsomba yaitali yamano itangoima osagwedezeka, unyolo wa nangula umene makorali anaumata kukhala mwala umodzi. Sitima ndinaiona yonse bwinobwino. Mwana wanga, amene ndinavutikira zonsezi kuti ndikhale naye, ndinangomuona dzanja.

Titakwera m'boti ndinamuuza zimenezo modandaula, maso ali psuu, mphuno ikuchucha.

"Mawa tilowanso, adadi," anatero akumasula thanki yanga. "Koma mukangotembenuka kundiyang'ana, ndikukwezani."

Ndinati ndamva. M'mawa mwake tinalowanso, ndipo ndinatembenuka kangapo konse.