Ndinkafuna Kupha Nsomba za Azakhali

Ndikukumbukira, ee ndikukumbukira ndithu, ndili ndi zaka teni ku komboni ya Twapia. Amayi atamwalira, atate anapita kumgodi ku Kitwe, ine kundisiya kwa alongo awo, azakhali a Tisauke. Mulungu awasunge komwe ali azakhaliwo, koma asawasunge pafupi ndi ine!

Anali ndi dziwe la nsomba kudambo, kuseri kwa nyumba zomaliza. Gaga wa kuchigayo, wonunkhira bwino, ankapita kudziwe. Ine phala lamadzimadzi, loti ukayang'anamo umadziona nkhope. Ndikadandaula ankati, "Nsomba zimagulidwa. Iwe angakugule ndani?" Koma nsombazo, ndi gaga yenseyo, zinali mutu ndi minga basi.

Ndinadana nazo, ine, ndinadana nazo mpaka m'mafupa.

Tsiku lina ndinapeza chitini chomwe ndinaiwala kuseri kwa chimbudzi. Munali gaga wonyowa ndi mango owola. Nditavundukula, fungo guu, mphutsi piringupiringu, zonenepa ngati chala changa chaching'ono. Ife mphutsi tinkazidziwa pa galu wakufa. Ndiye ndinati mumtima: izi zikalowa m'mimba mwa nsomba, zizidya kuchokera mkati.

Popeza wodyetsa m'mawa ndinali ine, ndinakhuthula chitini chonse m'dziwe, ndikuyimba chapansipansi: idyani idyani ana a azakhali, zikubooleni ine ndiseke. Madzi anawira, nsomba kulimbirana. Ndinati eya, fulumirani!

M'mawa mwake palibe yoyandama. Ndinati mankhwala achepa. Ndinatola zitini zina zitatu, ndinapempha zowola kwa ogulitsa tomato, ndinalera mphutsi ngati nkhuku. Sabata, mwezi, miyezi iwiri, ine kudikira maliro. Maliro osabwera.

Anandiona ndi bana Mwape, mayi wachibemba woyandikana nafe, amene pakamwa pawo panalibe chitseko. "Mayo! Imititi!" anakuwa, kutanthauza mphutsizo, nathamangira kwa azakhali.

Mthiko unathyokera pamsana panga. "Mfiti iwe! Ndikudyetsa, iwe undiphere chuma? Ikafa ngakhale imodzi, ukwera basi ya kumudzi ku Katete, atate ako sudzawaonanso."

Tamvani tsono! Ine amene ndinapempherera imfa miyezi iwiri, ndinagwada m'matope kupempherera moyo. Kumudzi kunalibe wanga, atate okha ndiwo anali anga, ndipo ankabwera pakutha pa mwezi. Ndinati nsomba inu, ndikhululukireni, musafe, musafe anzanga.

Loweruka azakhali anaitana amuna awiri ndi ukonde, kuti apulumutse nsombazo zisanafe n'kuwola. Ukonde kulemera! Amuna kubuula! Zinatuluka nsomba zonga dzanja la munthu wamkulu, misana yonona, zikuphiriphitha paudzu. Azakhali anagwira imodzi, mpeni m'mimba ng'aa, kufuna mphutsi zoti andionetse. Munalibe. Mafuta okhaokha.

Anang'amba yachiwiri. Yachitatu. Bana Mwape anangoti kukamwa yasa.

Mukuganiza anathokoza? Aa! Anapukuta mpeni pachitenje n'kunena kuti, "Mawa zitini zikhale sikisi. Ukauza munthu kumsika chimene zimadya, ndikudula lilime."

Ku Katete sindinapite, atate ndinkawaona. Koma zitini sikisi zinakhala twelofu, ndipo zinandidyera sukulu ndili giredi fili. Ana a mu Twapia ankandiitana Namphutsi, atatseka mphuno. Icho sindinawakhululukire azakhali, ndipo sindikunama kuti ndayesa.

Chaka chatha mdzukulu wanga Misozi, amene ali ndi maiwe ake ku Bwana Mkubwa, anabwera akudandaula kuti chakudya cha nsomba cha m'sitolo chamukulira mtengo. Ananyamula pepala la kumaphunziro. Akuti njira yatsopano, kulera mphutsi za ntchentche zakuda pa gaga ndi zowola za kumsika. Yatsopano! Ndinaseka mpaka duku kugwa, ndinavina pakhonde ndi mawondo anga owawawa. Ndinamuonetsa kunyowetsa gaga osachulutsa madzi, kuika chitini pamthunzi, kusefa mphutsi zisanade.

"Agogo, munaphunzira kuti?"

"Kwa mdani, mwanawe."

Lero ndikudziwa ichi: nsomba siimva zomwe woponya akuyimba, imangodya chimene chagwera m'madzi. Ine ndinaponya chidani, izo zinadya ndiwo. Ndipo Loweruka lililonse Misozi akandibweretsera yanga yonona, ndimaidya yonse, mutu ndi mchira, osagawira munthu. Azakhali anafunsa kuti angandigule ndani. Sanandigule munthu, koma nsomba zija zikundilipirabe!